Mbande za Ogwetsana a ku Japani

Nkhani ya kagulu kathu ka Loweruka yafala kwambiri, ndipo monga zimakhalira ndi nkhani yoyenda pa minibasi, kwina yafika itavala malaya a eni. Ku Nathenje akunena kuti ine ndinakagwada pamaso pa alamu anga kuwapempha kuti abwerere. Ku Malingunde ndinamva munthu amene sindinamuonepo ndi kale lonse akulumbira kuti analipo tsiku limene tinalira maliro a Mjapani. Zonsezi n'zabodza, kapena ndinene mwaulemu kuti n'zosalongosoka. Ine ndinalipo kuyambira pachiyambi. Ndinaphunzira mpaka folomu folo pa nthawi imene folomu folo inali ndi tanthauzo, ndipo ndinagwira ukalaliki pa esiteti ya fodya mpaka kupuma. Ndiyenera kuika zinthu m'malo mwake ndikadali ndi maso.

Choyamba, za mmene masewera ogwetsana a ku Japani anafikira pa Mitundu. Ena amati anabwera ndi mzungu. Ayi. Eni sitolo ina ya pamsika, bambo wachisilamu wogulitsa mchere, sopo ndi mbewu, anagula kalole kogwiritsidwapo kale ntchito kochokera ku Japani. Posesa pansi pa mpando anapeza kabokosi kodzaza madisiki, onse olembedwa zilembo zimene palibe mmodzi wa ife akanatha kuwerenga. Anaopa kuti mwina muli zolaula, choncho sanafune kuti ana awo aone. Anaitana akuluakulu okhaokha kuti tikhale mboni.

Tinaika disiki yoyamba Loweruka masana m'chipinda chosungiramo katundu kuseri kwa sitolo, titakhala pa matumba a mchere. Tinali asanu: eni sitolo, telala wa pakhonde pawo, wokhoma zidebe wa kutsidya kwa msewu, ine, ndi alamu anga a ku Nathenje, amuna a mlongo wanga, amene sabata imeneyo anabwera ndi akazi awo kudzationa.

Zogwetsana za ku Amereka tinkazidziwa kale kuchokera m'nyumba za kanema za achinyamata, momwe munthu amalankhula theka la ola asanamukhudze mnzake. Izi zinali zina. Anthu odzaza holo anali chete ngati ali m'tchalitchi, n'kumaomba m'manja pamodzi wina akachita chanzeru. Ogwetsanawo ankapukuta mapazi asanalowe m'bwalo la zingwe, ndipo ena pomaliza ankaweramirana. Eni sitolo anayang'ana kanthawi n'kunena kuti, "Awa analeredwa." Mawu amenewo ndi awo, osati a telala monga iye amadzitamira masiku ano.

Funso loti masewerawa ndi enieni kapena okonzeratu musandifunse, chifukwa ndinatopa nalo. Gule nayenso amakonzedwa, ndipo oimba ng'oma amadziwa pamene nyimbo ithere, koma thukuta la wovina si lokonza.

Poti mayina a ogwetsanawo sitinkatha kuwawerenga, tinawapatsa athu. Panali wina wamtali amene tinkamutcha Mlongoti, ndi wina wothamanga amene tinkamutcha Mphepo. Koma woposa onse anali mwamuna wa khosi lalikulu, woyenda pang'onopang'ono, amene alamu anga anamutcha Nkhunzi. Anamukonda tsiku loyamba lomwelo. Nkhunzi akagwa, alamu ankadzuka pa thumba lawo n'kumamulangiza m'Chichewa, ndipo Nkhunziyo akadzuka alamu ankatembenukira kwa ine n'kunena kuti, "Mwaona, a Folomu Folo? Wandimvera."

Ndiyenera kufotokoza za alamu angawa. Sukulu analekezera sitandade folo, ndipo dzina loti a Folomu Folo anandipatsa ndi iwo tsiku limene anabwera kudzafunsira mlongo wanga, ine nditawakonza mawu ena amene analakwitsa. Takhala tikutsutsana kuyambira pamenepo: za mvula, za mitunda ya pakati pa midzi, za chaka chimene mlatho wina unakokoloka. Nthawi zambiri wolondola ndimakhala ine. Koma pa nkhani ya fodya ndimavula chipewa. Munthu ameneyu amatha kuima pa nazale, n'kuloza mbande ziwiri zofanana ngati mapasa, n'kunena imene idzadzaza chigafa ndi imene idzafere kumunda. Alimi a ku Nathenje ankamuitana kuti adzaone mabedi awo asanawokere.

Rimoti ankagwira ndi iwo, ndipo anali ndi chizolowezi chimodzi chimene tonse tinachivomereza mosafunsa. Kumayambiriro kwa disiki iliyonse kunkakhala anyamata ometa mipala, ovala makabudula akuda opanda chizindikiro, olowa mothamanga popanda mkanjo kapena nyimbo yawoyawo. Alamu akangowaona ankadina batani lothamangitsa. "Ana asewere okha," ankatero. "Ife tabwerera akuluakulu." Anyamatawo ankadutsa pa kanema ngati nyerere zothiridwa madzi, ife tikumwa tiyi ndi kutafuna mtedza.

Madisiki a m'kabokosi atatha, tinawabwereza mpaka ena anayamba kudumpha. Kenako alamu anapeza mayi wina wa pa Nathenje woika nyimbo m'mafoni a anthu, amene anadziwa kumene masewera atsopano amapezeka. Netiweki kumeneko imagwira bwino poti ndi pamsewu waukulu. Kuyambira apo alamu anakhala mtengatenga wathu. Loweruka loyamba la mwezi uliwonse ankakwera minibasi ziwiri, kudutsira ku Lilongwe, fulashi yoikamo masewerawo itasungidwa m'bokosi la machesi m'thumba la jekete. Tinkayamba thu koloko, kuima kaye eni sitolo akapita kukaswali, ndi kumaliza dzuwa likadalipo kuti aliyense akaone mbuzi zake.

Kenako mlongo wanga anamwalira. Za matenda ake sindilemba pano. Ndingonena kuti nthawi itakwana, ine monga mwini mbumba ndine ndinaimirira pamaso pa abale a mbali zonse kulankhula mawu osudzula alamu. Ndinawauza kuti anasamala mwana wathu mpaka pamapeto, kuti tilibe nawo mangawa, ndi kuti tsopano ndi mfulu. Ndi mawu abwino, ndipo ndinawalankhula bwino, koma amadula chingwe. Ana awo anali atakula kale n'kubalalika m'matauni. Panalibenso mwambo uliwonse wowakakamiza kuponda pa Mitundu.

Loweruka loyamba la mwezi wotsatira ndinapita kusitolo ndisakuyembekezera kanthu. Ndinawapeza atakhala kale pa thumba lawo, bokosi la machesi lili pabondo.

"Mwachedwa, a Folomu Folo," anatero. "Kodi kusekondale kuja sankaphunzitsa wotchi?"

Ndinawayankha kuti wotchi yawo ikutsogola ndi mphindi zisanu ndi ziwiri, ndipo inkatsogoladi. Tinapitiriza chomwecho zaka zingapo. Akazi anga ankawasungira chakudya chamasana, iwo n'kutibweretsera tomato wa kudimba kwawo. Za mlongo wanga sitinkalankhula kawirikawiri, koma nthawi zina Nkhunzi akapambana alamu ankati, "Mayi aja akanati ndikuwononga nsapato pachabe," ndipo tinkaseka tonse awiri chifukwa ndi mmene ankanenera.

Kusamuka kwa akatswiri kunayamba ndi Mphepo. Mwezi wina tinamuona akulira pakati pa bwalo, akuwerama kumbali zonse zinayi, ndipo mwezi wotsatira sanaonekenso. Ndinapempha mwana wamkazi wa eni sitolo, amene amagwira ntchito ku Lilongwe, kuti andifufuzire pa foni, ndipo ndinawerenga ndekha m'Chingerezi kuti wapita ku Amereka kumene amalipira bwino. Posapita nthawi Mlongoti naye anatsatira. Wokhoma zidebe anati zili ngati anyamata athu a ku Joni, ndipo telala anati posachedwa m'holomo mutsala woyimbira masewera yekha. Tinayambadi kuona mipando ina yopanda anthu kumtunda kwa holo. Alamu sanatekeseke. "Apite onse," ankatero. "Khola likakhala ndi nkhunzi ndi khola ndithu."

Tsopano ndafika pa tsiku la belu, limene lanamiziridwa zambiri. Unali mwezi wa Ogasiti, kukuomba mphepo ya fumbi. Nkhunzi analimbana nthawi yaitali ndi munthu wocheperapo msinkhu, nagonja. M'malo motuluka anaima pakati pa bwalo. Anzake anabwera mmodzimmodzi kudzamupatsa maluwa. Kenako magetsi a m'holo anachepetsedwa, iye anaweramitsa mutu, ndipo belu linayamba kulira, kamodzikamodzi, motalikirana, mpaka kakhumi.

Kwathu kuno belu lolira chotero lili ndi uthenga umodzi wokha. Eni sitolo anali atakweza mawu a kanema chifukwa cha makutu a wokhoma zidebe, choncho belulo linamveka mpaka panja. Amene amati msika wonse unasiya malonda n'kukhamukira kusitolo akuwonjezera. Anabwera amayi awiri ogulitsa masamba, atamanga kale nsalu m'chiuno, kudzafunsa kuti maliro ndi a kwa yani. Telala, amene sataya mwayi, anawauza kuti ndi a Mjapani. Ine ndinatuluka kukawafotokozera kuti munthuyo ali moyo, wangopuma pa ntchito monga ndinapumira ine, kungoti ine sanandiimbire belu. Mmodzi anati, "Nanga abambo akuluakulu mukuvuliranji zipewa?" Ndinatembenuka, ndipo ndinaona kuti alamu anali atavuladi chipewa chawo. Wovula anali mmodzi yekha, osati tonse.

Nditabwerera m'chipindamo kanema anali atazima. Alamu anatulutsa fulashi, naibwezera m'bokosi la machesi, n'kuliika m'dzanja langa.

"Amusudzula," anatero. "Mwaona mmene achitira? Mawu abwino, maluwa, basi zipitani."

"Wapuma chabe, alamu. Masewera akupitirira."

"Apitirire ndi yani? Mphepo kulibe, Mlongoti kulibe, uyu ndi uyu. Ine mawondo anga atopa ndi minibasi ziwiri. Mwezi wamawa musandidikire. Fulashi muzitumiza ndi kondakitala, ine ndizikapereka kwa mayi uja."

Anavala chipewa, natsanzika aliyense pomugwira dzanja, chinthu chimene sankachita. Chakudya chimene akazi anga anawasungira chinadyedwa ndi adzukulu.

Loweruka loyamba la Seputembala fulashi inabweradi ndi kondakitala. Tinaonera anayi. Rimoti inagwiridwa ndi telala, ndipo ndinanena zinthu zitatu zolondola popanda wonditsutsa. Ndikuuzeni zoona: kulondola popanda wokutsutsa kuli ngati ndiwo zopanda mchere. Ndinabwerera kunyumba ndikudziwa kuti zikapitirira miyezi iwiri kapena itatu, ine ndi alamu tizidzakumana pa maliro pokha, ndipo pamapeto pake mmodzi adzabwera pa maliro a mnzake. Akazi anga anati, "Pitani mukawauze kuti mwawasowa." Ndinawayankha kuti zimenezo sizinenedwa pakati pa ine ndi munthu ameneyo, ndipo ndikanati ndinene akanandifunsa ngati ndadwala.

Masabata amenewo ndinkakhala kunazale m'mawa, chifukwa mwana wanga wamwamuna amalimabe fodya pang'ono. Masana ndinabwereka kabokosi ka madisiki akale aja kwa eni sitolo, n'kumaonera ndekha m'chipinda chawo. Poti panalibe wothamangitsa, ndinayamba kuonera kuyambira kumayambiriro. Apo ndi pamene ndinaona koyamba, patapita zaka zonsezo, zimene anyamata a makabudula akuda amachita. Ankamenyana mofulumira, ndi njira zochepa zomwezomwezo, koma ndi mtima wonse. Akamaliza sankapita kukapuma. Ankavala malaya ofanana n'kuima mozungulira bwalo, kutsegulira akuluakulu zingwe, kunyamula mikanjo, ndi kuyang'anitsitsa.

Pa disiki ina yakale kwambiri, ya zithunzi zotuwa, anyamata awiri asanayambe kulimbana panatuluka mayina awo pansi pa kanema. Chijapani sindichidziwa ndipo sindinamizira kuchidziwa. Koma munthu amene wakhala zaka zambiri akusiyanitsa malemba a anthu ambiri ali ndi diso la maonekedwe a zilembo. Chilembo china, chokhala ngati khasu lopachikidwa pa mpanda, ndinali nditachionapo kambirimbiri. Ndinaimitsa kanema, ndinajambula zilembo zonse papepala, ndipo ndinaika disiki ya Nkhunzi atanyamula lamba wa ukatswiri. Zilembo zitatu, zonse zofanana. Mmodzi wa anyamata awiri owonda aja, amene tinawathamangitsa kosawerengeka, anali Nkhunzi.

Vuto linali loti mayina awiriwo anatuluka pamodzi, osaonetsa la uyu ndi la uyo. Koma ndinaona kuti yankho ndi losavuta. Mmodzi anali wamtali, wa mapewa otambasuka, ndipo anapambana msanga. Winayo anali wamfupi, anapindidwa msana mpaka anagonja, ndipo anatuluka akutsimphina.

Lachitatu ndinavala jekete, ndinaika disiki ndi pepala m'envelopu, n'kukwera minibasi ziwiri zomwezo. Ndinazindikira pa ulendowo kuti mawondo a alamu sankanama. Ndinawapeza kudimba atagwada pambali pa bedi la mbande, akumeta masamba ndi sizasi.

"Kwagwanji?" anafunsa asanandipatse moni.

"Kulibe chagwa. Ndabwera kudzakonza cholakwa chanu."

"Ulendo wonsewu? Cholakwacho chiyenera kukhala chonenepa."

Tinapita kwa mayi woika nyimbo uja, amene anatilola kugwiritsa ntchito kompyuta yake. Ndinayala pepala langa, ndinafotokoza za zilembo mwadongosolo, kenako ndinaloza mnyamata wamtaliyo. "Nkhunzi wanu ndi uyu," ndinatero. "Zaka zonsezi mwakhala mukumuthamangitsa ndi chala chanu."

Alamu anaweramira pa kanema mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda galasi. Anapempha mayiyo kuti abwezere, kenako abwezerenso. Sanayang'ane n'komwe pepala langa. Ulendo wachitatu anayamba kuseka, kuseka kwa m'mimba kumene ndinali ndisanakumve kuyambira mlongo wanga ali moyo.

"A Folomu Folo," anatero akupukuta misozi, "zilembo mwawerenga bwino, koma munthu mwaphonya. Si ameneyo. Ndi uyu akumupindayu."

"Wogonjayo? Sizingatheke."

"Taonani polowa. Amapukuta phazi lamanzere kawiri, lamanja kamodzi. Ndani wina amachita zimenezo? Taonaninso apa akugwa. Akudzukira bondo lamanzere, dzanja lili pakhosi. Ine munthu ameneyu ndamuona akudzuka zaka zingati? Wamtali wanuyo ndi mbande yothamangira kukula. Yotere imakomera maso pa bedi, ikafika kumunda dzuwa la sabata imodzi yagona."

Ndinapempha kuti tibwezerenso kachinayi. Phazi lamanzere kawiri, lamanja kamodzi. Panalibe potsutsa. Amene amati ndinakana mpaka madzulo akunama. Ndinavomera pomwepo, pamaso pa mayiyo ndi makasitomala ake awiri, ndipo mawu anga anali akuti, "Pa mfundo iyi yokha, mwalondola." Za kugwada zimene zikunenedwa ku Nathenje zinachokera poti pepala langa linagwa pansi ndipo ndinawerama kulitola.

Pobwerera kudimba alamu anali munthu wina. Anandifotokozera, ngati kuti sindinagwirepo pa esiteti, chifukwa chake mbande zimametedwa ndi kumanidwa madzi masiku omaliza: kuti tsinde likhwime, mizu ifunefune yokha. "Ajapaniwa ndi alimi," anatero. "Anawa akuwagonjetsa dala. Akuwakhwimitsa."

Apo ndinaona khomo, ndipo ndinalowa.

"Zakale n'zosavuta, alamu. Mwamuzindikira chifukwa mukudziwa kale chimene anadzakhala. Aliyense angaloze chigafa chodzaza n'kunena kuti ndinadziwa. Pa fulashi ya mwezi uno pali anyamata asanu a makabudula akuda. Ine ndikhoza kuloza amene adzanyamule lamba. Inu sindikukhulupirira."

Anaima pakati pa njira. "Inu? Amene mwangolephera kusiyanitsa anthu awiri okha?"

"Kamodzi si kawiri. Komabe musavutike, mawondo anu atopa. Ndidzasankha ndekha, ndipo ndidzakutumizirani uthenga ndi kondakitala."

Anandipatsa tomato m'jumbo, nandiperekeza pa siteji, n'kuuza kondakitala kuti andikhazike kutsogolo chifukwa ndine wophunzira.

Loweruka loyamba la Okutobala kunali kotentha. Ndinafika kusitolo nthawi isanakwane, ndipo thumba la alamu linali lopanda munthu. Thu koloko inakwana. Telala anatenga rimoti, ine ndinamuuza kuti tiyi sanafike. Tiyi atafika ndinati wotentha kwambiri. Eni sitolo, amene amamvetsa zinthu osauzidwa, anapita kukaona ngati batire ladzaza, nakhalitsa kumeneko. Patapita pafupifupi theka la ola tinamva njinga yamoto ikuima panja, ndi mawu odziwika akukangana ndi wakabaza za mabampu. Alamu analowa ali mbuu ndi fumbi kuyambira chipewa mpaka nsapato. Anali atatulukira njira yachidule ya fumbi yosadutsa ku Lilongwe.

"Mwachedwa, alamu," ndinatero. "Kodi kusitandade folo kuja sankaphunzitsa wotchi?"

"Bweretsa rimotiyo, iwe telala," anatero osandiyang'ana. "Lero palibe kuthamangitsa."

Tinawaonera anyamata asanuwo kawiri. Alamu anadzuka n'kuima pafupi ndi kanema manja ali kumbuyo, monga amaimira pa nazale ya munthu wina. Ine ndinasankha mnyamata wa miyendo yaitali amene amadumpha mwaukhondo ndi kumaliza chilichonse chimene wayamba. Alamu anasankha wa makutu otambalala, amene tsiku limenelo anamenyedwa mbama zambiri pachifuwa mpaka chinafiira, nagonja, koma podzuka anakana kugwiridwa dzanja. Eni sitolo anatenga choko n'kulemba pakhoma, pamwamba pa matumba a mchere: wa miyendo ndi wa a kalaliki, wa makutu ndi wa a ku Nathenje. Telala ndi wokhoma zidebe nawo anasankha awo. Tinagwirizana kuti amene mnyamata wake adzayambe kunyamula lamba wamkulu, enafe tidzaimirira n'kumuweramira monga achitira Ajapani, ndipo akadzakhala alamu, ine ndidzanena mawu oti mwalondola popanda kuwonjezera kuti pa mfundo iyi yokha.

Wokhoma zidebe ndiye anafunsa funso loyenera. "Kodi zimenezi zimatenga nthawi yaitali bwanji?"

Ndinawauza zimene ndinawerenga: kuti mnyamata amakhala zaka zingapo m'kabudula wakuda, kenako amatumizidwa kunja kukaphunzira njira za eni, n'kubwerako ndi mkanjo ndi nyimbo yake, ndipo lamba amabwera pambuyo pa zonsezo ngati abwera n'komwe.

"Ndiye kuti amawokera," anatero alamu. Anawerenga zaka pa zala, kenako anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Musafe, a Folomu Folo. Ndikufuna mudzawerame muli moyo."

Anthu amandifunsa ngati masewera a ku Japani adzakhalanso monga analili, akatswiri onse aja atapita. Sindidziwa, ndipo amene akuti akudziwa akungolankhula. Mipando yopanda anthu ija miyezi ina timaionabe, miyezi ina ayi. N'kuthekanso kuti amene tikuwalerawa akadzakhwima Amereka adzawatenga monga anatengera Mphepo, ndipo telala amanena zimenezi mwezi uliwonse ngati kuti wazitulukira kumene. Chimene ndingachitire umboni ndi chimene ndaona ndi maso anga: papita zaka zitatu chilembere pakhoma paja, mnyamata wa wokhoma zidebe anasiya masewera, wa telala anavulala bondo koma wabwerera, ndipo wanga akupambana kawirikawiri kuposa onse. Ndikunena zimenezi chifukwa ku Nathenje sazitchula.

Wa makutu uja anatumizidwa kunja chaka chatha, wanga asanatumizidwe. Alamu akuti umenewo ndi umboni woti wakhwima msanga. Ine ndikuti mwina aphunzitsi ake anangotopa naye. Poti sakuonekanso pa fulashi, ndinaopa kuti alamu apezanso chifukwa chokhalira kwawo, koma sanaphonye Loweruka ndi limodzi lomwe. Akuti ayenera kuyang'anira wangayo kuti ndisadzanamize anthu. Mwana wawo wamkazi anandiuza pa foni kuti bambo ake, amene kale ankabisa mankhwala a kuthamanga kwa magazi pansi pa mphasa, tsopano amapita okha kuchipatala ku Nkhoma tsiku lawo likakwana, ndipo anauza adokotala kuti ali ndi munthu woti amudikire wochokera kutsidya kwa nyanja. Adokotala anaganiza kuti ndi mdzukulu.

Choko cha pakhoma chimafufutika ndi chinyezi cha mchere, choncho eni sitolo amabwerezamo dzinja lililonse. Loweruka lapitali alamu anafika ine ndisanafike, ndipo ndinawapeza ataima pa thumba, choko chili m'manja, akukulitsa zilembo za mzere wawo. Ndinawauza kuti mawu oti makutu awalemba molakwika. Anatsika, nabwerera m'mbuyo kuti aone bwino, n'kunena kuti mwini makutuwo akadzabwera adzakonza yekha. Kenako anakhala pansi, natulutsa bokosi la machesi, ndipo akazi anga anatumiza mdzukulu kudzafunsa ngati alendo a ku Nathenje adye tsopano kapena masewera akatha.

"Akatha," anatero alamu. "Ana akuyamba."